Chenjezo kwa a ku Nthalire: mphaka nayenso amapatsira chiwewe

Anthu a ku Nthalire, a ku Wenya ndi midzi yonse yochita malire ndi Nyika, imvani izi ndipo muuzeko anzanu lero lomwe. Mphaka akakulumani, akakukandani mpaka khungu kung'ambika, kapena akanyambita chilonda chomwe muli nacho kale, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako nyamukani tsiku lomwelo kupita kuchipatala. Musadikire kuti muone ngati patupe. Musadikire tsiku la msika kuti mupeze matola. Chiwewe chikangoyamba kuonekera mwa munthu, palibe dokotala, sing'anga kapena m'busa amene angamubweze. Chisanaonekere, katemera amachitchinga.

Galu timamuopa kale. Mwana akalumidwa ndi galu mudzi wonse umadziwa, mwini galu amafunsidwa, ndipo pamapezeka wina wonena kuti mwanayu apite kuchipatala. N'zoona kuti pafupifupi anthu onse omwe amafa ndi chiwewe padziko lapansi amachitenga kwa agalu. Koma mphaka ndiye tamulowetsa m'nyumba, ndipo akakanda munthu palibe amene amatekeseka.

Zaka za kumbuyoku mphaka anali wa kunkhokwe. Lero wakwezedwa pantchito. Kuyambira pamene sola, mabatire, masipika ndi makompyuta zinafika m'nyumba ndi m'mashopu athu, khoswe wapeza chakudya chatsopano: nthambo. Mnyamata wobena nyimbo pa msika akudziwa ululu wake. Amatseka madzulo zonse zili bwino, m'mawa n'kupeza nthambo ya kibodi yadulidwa, ya sabuwufa yatafunidwa, mkati mwa kompyuta muli zitosi za makoswe, ndipo nthambo ina yoti agule ili ku boma kapena ku Mzuzu. Mankhwala ake ndi otchipa, kamwana kamphaka kopempha kwa aneba. Choncho mphaka amagona pamwamba pa sipika, kuseri kwa kompyuta kapena pambali pa batire, pomwe pamakhala pofunda, makamaka mu June ndi July kukamazizira kuno kumapiri. Ana odikira kuti awaikire nyimbo za Lucius Banda kapena za Black Missionaries mu memore khadi ya bambo awo amamunyamula, kumukoka mchira, kumuika pakhosi. Kuvidiyo usiku amadutsa m'miyendo ya anthu mumdima. Wochajitsa foni amapisa dzanja kuseri kwa tebulo kufuna soketi, osaona chomwe chagona kumeneko.

Kusunga mphaka si kulakwa, ndipo sindikunena kuti muwathamangitse. Khoswe atabwerera mungalire. Vuto n'lakuti mphaka yemweyo usiku amatuluka. Amakumana ndi agalu oyendayenda, amalimbana ndi amphaka anzake olowerera, ndipo kuno kufupi ndi Nyika nkhandwe sizisowa. Nkhandwe imatenga chiwewe n'kuchifalitsa monga amachitira galu. Mphaka akapulumuka pankhondo yotere amabwera ndi kabala kobisika muubweya, ife osadziwa kanthu. Pakapita masabata kapena miyezi, kachirombo kamafika m'malovu ake. Mphaka amanyambita mapazi ake tsiku lonse, n'chifukwa chake ngakhale chikhadabo chimatha kunyamula malovuwo.

Amene akuganiza kuti izi n'zongoopseza amve izi. Ku America, komwe agalu ambiri amabayidwa katemera, chiweto cha pakhomo chomwe chimapezeka kwambiri ndi chiwewe ndi mphaka. Mu 2018 munthu wina wokhala ku Britain anamwalira ndi chiwewe atalumidwa ndi mphaka ku Morocco, ngakhale kuti anabwerera kudziko la zipatala zapamwamba. Timavidiyo ta amphaka tomwe ana athu amaonera pafoni ndi pakompyuta, azungu akupsompsona mphaka pakamwa ndi kugona naye m'bulangete, tambiri timachokera kumaiko komwe ziweto zambiri zimabayidwa katemera. Mwana akatengera zimenezo pa mphaka wa kuno amene sanaonepo jekeseni chibadwire, akusewera ndi moyo wake.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, pafupifupi onsewo mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Kuno ku Malawi akatswiri amayerekeza kuti timataya anthu pafupifupi 500 pachaka. Ambiri mwa iwo salembedwa n'komwe kuti afa ndi chiwewe. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasindikiza mu 2007 zomwe anapeza atafufuza ana 133 omwe anamwalira ndi matenda a muubongo: 14 anali ndi chiwewe, ndipo mwa ana 26 omwe poyamba ankati afa ndi malungo a muubongo, 3 anapezeka kuti chinali chiwewe. Ngati chimatha kubisala pa chipatala chachikulu chotero, nanga kumudzi kuno komwe maliro ambiri timangoti anadwala mutu ndi kutentha thupi?

Chimene chimapusitsa anthu ndi kuchedwa kwake. Kachiromboka sikayenda m'magazi. Kamalowa m'mitsempha yomwe imatumiza uthenga ku ubongo n'kumakwera pang'onopang'ono, munthu akulima, akupita kusukulu, bala litapola kalekale. Kawirikawiri pamapita miyezi 2 kapena 3, koma nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina chaka. Bala likakhala kumaso, pakhosi kapena kuzala, ulendo wake umafupika, ndipo awa ndiwo malo omwe mphaka amakonda kugwira mwana. Tsiku lina pachipsera pamayamba kuyabwa kapena kuchita dzanzi, thupi kutentha, mutu kupweteka. Kenako munthu amasowa mtendere, amamva ludzu koma akaona kapu ya madzi pakhosi pamakokana, kamphepo kakamuomba kumaso amadzidzimuka, dovu limatuluka. Ena sachita zaukali, amangofa ziwalo kuyambira pomwe analumidwa. Onsewa amatha m'masiku kapena masabata ochepa. Nthawi yonse yopulumutsira munthu ili pakati pa tsiku lolumidwa ndi tsiku loyamba kudwala, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti kwa inu nthawiyo ndi yaitali bwanji.

Mphaka wa chiwewe mungamudziwe, ngakhale si nthawi zonse. Chachikulu ndi kusintha khalidwe. Wofatsa amayamba kulumphira anthu popanda womuputa. Wamantha, yemwe sankalola kugwidwa, amabwera kudzadzikhula m'miyendo mwanu. Amabisala pamdima, pansi pa bedi kapena kuseri kwa masipika, n'kutulukira mwadzidzidzi. Kulira kwake kumasintha, maso amatong'oka, dovu limayoyoka, amaluma nsanza ndi mitengo, miyendo yakumbuyo imafooka n'kumayenda modzandira. Mukaona zotere tulutsani ana, tsekani chitseko iye ali mkati, muitane alangizi a ziweto. Nyimbo zidikire, kasitomala adikire. Musayese kumugwira ndi chitenje kapena kumukankha ndi phazi. Ndipo chiweto chilichonse chikamachita ngati chatsamwa fupa, kaya mphaka, galu, mbuzi kapena ng'ombe, musapise dzanja m'kamwa mwake. Alimi a ng'ombe amatenga chiwewe mwa njira imeneyi, pofuna kuchotsa chinthu chomwe kulibe. Ng'ombe yofa motero isasendedwe, isagawidwe.

Tsopano za ola loyamba, chifukwa apa ndi pomwe mabanja ambiri amataya mwayi. Sopo ali m'nyumba iliyonse, kaya wochapira kaya wosambira, ndipo amaononga kachiromboka. Wina azithira madzi kuchokera m'jagi kapena m'chigubu, wina azipaka sopo ndi kutsuka, osati kuviika dzanja m'beseni la madzi omwewo. Mphindi 15 n'zambiri kuposa momwe mukuganizira. Yang'anani pafoni, kapena ikani nyimbo 3 zitsatizane, muzitsukabe mpaka yomaliza ithe. Mwana adzalira, musamumvere chisoni cholakwika. Malovu akalowa m'maso kapena m'kamwa, tsukani ndi madzi okha ambiri. Mukatha, ngati muli ndi sipiriti kapena ayodini thirani pabalapo. Musamange bala mothina, musalisoke. Musathirepo tsabola, mchere, phulusa, petulo, mafuta a mabuleki kapena madzi a m'batire. Zimenezi zimaotcha mnofu, kachirombo osakafika. Za kuotcha ubweya wa nyama yomwe yaluma n'kupaka pabala, tinazimva kwa agogo athu, koma sizitchinga chiwewe.

Kungogwira mphaka, kumupatsa chakudya kapena kunyambitidwa pakhungu lopanda chilonda sikupatsira matendawa. Kusamba m'manja n'kokwanira. Koma kabala ka dzino la mphaka musakapeputse chifukwa cha kuchepa. Mano ake ndi osongoka, amaboola mozama ndipo pamwamba pamatsekeka msanga, moti ngakhale mphaka alibe chiwewe dzanja limatha kutupa ndi kuchita mafinya m'tsiku limodzi kapena awiri. Kuchipatala adzaonanso ngati mukufunika jekeseni wa kafumbata ndi mankhwala ena.

Vuto lathu lenileni tonse tikulidziwa: mtunda. Kuchoka ku Nthalire kukafika ku Chitipa boma ndi makilomita oposa 100, pa msewu womwe mvula ikagwa umasanduka nkhani ina. Wodzera ku Nyika kupita ku Rumphi nawonso suchitira munthu chifundo. Katemera wa chiwewe wa anthu amasungidwa mufiriji, ndi wodula, ndipo m'dziko muno amapezeka kwambiri m'zipatala za maboma. Nthawi zina amathanso. Yambirani pa chipatala cha Nthalire kapena china chomwe muli nacho pafupi, kuti atsukenso bala, alembe m'buku lanu la kuchipatala, ndi kukuuzani komwe katemera alipo musanalipire njinga yamoto. Afunseni aimbe foni ku Chitipa. Kukakhala kulibe, funsani za ku Karonga, ku Rumphi kapena ku Mzuzu. Kawirikawiri achipatala amafuna kalata ya alangizi a ziweto yofotokoza za nyama yomwe yaluma, choncho wina wa m'banja athamangire kumeneko pamene wolumidwa ali kuchipatala, zonse zichitike tsiku limodzi. Ndalama ya ulendo ikasowa, gulitsani nkhuku, kongolani ku banki m'khonde, pemphani kumpingo. Maliro amadya zambiri kuposa pamenepo.

Jekeseni wake si uja tinkamva kale wobaya kambirimbiri pamimba. Amabaya pamkono, kapena pantchafu kwa ana aang'ono, ndipo amabwerezedwa: tsiku loyamba, pakapita masiku 3, pakapita 7, ndipo ena amapitirira kufika masiku 14 kapena 28 malinga ndi ndondomeko yomwe achipatala akutsata. Masiku amenewa adzakulemberani. Kubayitsa kamodzi n'kusiya chifukwa bala lapola ndi kutaya ndalama ya ulendo pachabe. Ngati muli ndi m'bale ku boma, ndi bwino kukhala komweko sabata yoyambayo kusiyana n'kudalira msewu. Kwa olumidwa kwambiri, makamaka kumutu ndi m'manja, palinso mankhwala ena obaya pabala penipeni. Funsani ngati alipo. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi khanda onse amabayidwa popanda vuto. Amene ali pa ma ARV anene, kuti achipatala adziwe momwe angamuthandizire. Ndipo ngati mukuwerenga izi n'kukumbukira kuti mwezi watha mwana anakandidwa ndi mphaka wachilendo, kapena wanu yemwe anafa kapena kusowa patangopita masiku ochepa, simunachedwe malinga ngati sanayambe kudwala. Pitani mawa m'mawa.

Makolo, ana amabisa. Amaopa kukwapulidwa chifukwa munawaletsa kusewera ndi mphaka, kapena chifukwa anakandidwira kuvidiyo komwe anapita mozemba. Akuluakulunso amachita manyazi kukaima pamzere n'kunena kuti ndakandidwa ndi pusi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uzani ana anu usiku uno kuti wonena msanga sadzamenyedwa, ndipo mukamawasambitsa muziyang'ana m'manja, m'miyendo ndi kumaso. Aphunzitsi anene zomwezi pa asembule.

Nanga mphaka woluma uja atani? Mkwiyo umati aphedwe pomwepo, koma ngati ndi wa pakhomo ndipo akuoneka wabwinobwino, ndi waphindu ali moyo. Mutsekereni m'chipinda kapena m'khola momwe sangatuluke, muzimupatsa chakudya ndi madzi osamugwira, kwa masiku 10. Mphaka kapena galu amene anali ndi kachirombo m'malovu tsiku lomwe analuma amadwala kapena kufa m'masiku amenewo. Akawadutsa ali wathanzi, kauzeni achipatala, iwo ndiwo anene ngati jekeseni apitirire kapena ayi. Koma masiku 10 amenewa ndi oyang'anira mphaka, si oti wolumidwa akhale pakhomo. Mphaka akathawa, akafa, kapena akakhala wosadziwika mwini wake, tengani kuti anali ndi chiwewe. Zikafika poti waphedwa chifukwa amalumphira anthu, musaphwanye mutu, popeza ubongo ndiwo amayeza akatswiri a ziweto. Musamugwire ndi manja. Valani majumbo m'manja, mugwiritse fosholo, ndipo alangizi akapanda kumutenga mukwirireni mozama pomwe agalu sangafukule. Chiweto china chilichonse chomwe analimbana nacho chinenedwe kwa alangizi.

Pali nkhani ina yomwe sitingaizembe. Kwathu kuno mphaka wachilendo akalowa m'nyumba usiku n'kulumpha pa munthu wogona, maganizo a ambiri amathamangira ku ufiti. Pakapita miyezi iwiri munthuyo n'kuyamba kubwebweta, kuopa madzi ndi kutuluka dovu, anthu amati taonani, si tinanena. Banja limathera ndalama kwa asing'anga, ndipo chala chimaloza gogo wina wosauka wa m'mudzi momwemo. M'maboma a Chitipa ndi Karonga okalamba avutikapo kokwanira ndi milandu yotere. Zomwe mphaka uja anachita ndi zomwe mphaka wa chiwewe amachita, ndipo zomwe wodwalayo akuonetsa ndi zomwe chiwewe chimachita kwa munthu aliyense, ku Nthalire ngakhale ku India. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Mafumu athu, a T/A Nthalire ndi magulupu awo, atithandize kunena zimenezi pamaliro ndi pamisonkhano. Wofuna kupemphera apemphere, koma ali pa njinga yopita kuchipatala. Ndipo wodwala amene wayamba kale kuonetsa zizindikiro asathawidwe kapena kumangidwa ngati chigawenga. Apite kuchipatala komwe angamuchepetsere ululu, omusamalira apewe malovu ake ndipo auze achipatala ngati awagwera pachilonda kapena m'maso.

Njira yotchipa kuposa zonsezi ndi kubayitsa chiweto. Katemera wa chiwewe si wachilendo: Louis Pasteur anamuyesa koyamba pa munthu mu July 1885, pa mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu, ndipo anapulumuka. Tsiku lomwe Pasteur anamwalira, 28 September, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yotere mu 2015, n'kubaya agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20, ndipo ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe anachepa kwambiri m'zaka zotsatira. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Sizingatheke ngati madera akutali ngati athu atsalira.

Alangizi a ziweto akalengeza za katemera, anthu amakoka agalu okha, mphaka n'kutsala akuwodzera pa sipika. Mutengeni nayenso. Muikeni m'thumba loboola timabowo topumira kapena m'dengu lovindikira bwino, osati kumunyamula pachifuwa pakati pa agalu, chifukwa pamenepo ndi pomwe mungakandidwe. Kamwana kamphaka kakakwana miyezi 3 kabayidwe, ndipo muzibwereza chaka chilichonse. Sungani kapepala komwe akupatseni. Tsiku lomwe mphaka wanu adzakande mwana wa aneba, kapepalako kadzayankha mafunso ambiri. Ngati chaka chatha osamva za katemera m'dera lanu, musangokhala. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mafumu ndi khansala apite ku ofesi ya zaulimi akafunse tsiku, ndipo zichitike mvula isanatseke misewu. Kamphaka kotola panjira kapena kopatsidwa kuchokera kutsidya la Zambia, komwe simukudziwa mbiri yake, kasapatsidwe ana kuti azisewera nako mpaka alangizi atakaona.

Inu achinyamata obena nyimbo, ochajitsa mafoni ndi oonetsa mavidiyo, muli ndi chida chomwe azaumoyo alibe. Memore khadi iliyonse ya m'dera lino imadutsa pa kompyuta yanu, ndipo sipika yanu imamveka msika wonse. Pemphani wazaumoyo wa m'dera lanu kapena mlangizi wa ziweto alankhule kwa mphindi imodzi m'Chitumbuka, mumujambule mawu pafoni, muziika uthengawo pamodzi ndi nyimbo mwini khadi akavomera, muziuulutsanso filimu isanayambe. Tumizani womwewo ku Tuntufye FM ndi wailesi zina zomwe zimamveka kuno. Koma mauthenga a pa WhatsApp onena za zitsamba kapena mapiritsi ochiza chiwewe musawapititse patsogolo. Mankhwala otero kulibe. M'shopu mwanu mukhale sopo ndi chigubu cha madzi, mphaka wanu akhale wobayitsa, ndipo musanapise dzanja kuseri kwa makina muziyamba mwaunika ndi tochi.

Amene ali ndi funso usiku kapena ali kutali ndi chipatala aimbe ku Chipatala cha pa Foni. Afotokoze nyama yomwe yaluma, tsiku, malo a bala pathupi, ndiponso ngati nyamayo ikadali moyo.